Galimoto yolira lero mawa n'kukana: kufufuza vuto la mafuta lobwera mwa apo ndi apo

Galimoto yomwe yaferatu sivuta kwenikweni, chifukwa chomwe chawonongeka chimakudikirani pomwepo mpaka mutachipeza. Yosautsa ndi ija yomwe m'mawa imalira mukangopotokola kiyi, masana mukaima pang'ono n'kukana, sitata ikungopukusa injini koma osagwira, ndiye makaniko akangofika ndi zida zake iyo n'kulira bwinobwino, ngati dzino lomwe limaleka kuwawa mukakhala pampando wa dokotala. Kawirikawiri mlandu umagwera pampu ya mafuta. Mwini galimoto amagula ina, amatsitsa thanki, ndipo pakapita masiku vuto lija limabweranso. Pampu imafa ndithu, koma kuchokera pakiyi kukafika m'injini pali zinthu zingapo zomwe zingatsekereze mafuta, ndipo zambiri mwa izo n'zotchipa komanso zosavuta kuzifikira poyerekeza ndi pampu.

Vuto lotere limagwidwa panthawi yomwe likuchitika basi. Galimoto ikamalira bwino, chilichonse chomwe mungayeze chidzaoneka chabwino, ngakhale chomwe chikudwalacho. Choncho ntchito yaikulu ndi kukonzekera, kuti tsiku lomwe yakana mudziwe chomvera, choyang'ana ndi chogwira m'mphindi zochepa zomwe vutolo lilipo. Zomwe zili m'munsimu zikukhudza makamaka galimoto za petulo zokhala ndi pampu yamagetsi m'thanki, zomwe ndi zochuluka pamsewu masiku ano. Za dizilo ndizikamba padera.

Kodi ndi mafutadi?

Ngati sitata siyikuzungulira n'komwe, kapena ikungoti tcha tcha, nkhani si ya mafuta ayi. Onani batire, mitu yake ndi sitata. Batire labwino limaonetsa pafupifupi mavoti 12.6 galimoto itazima, ndipo poliza lisatsike kwambiri pansi pa mavoti 10. Likatsikitsitsa, sitata imatha kuzungulirabe mofooka koma kompyuta ya injini n'kusokonezeka.

Ngati injini ikuzungulira mwamphamvu koma osagwira, funso ndi lakuti chikusowa ndi moto wa kumapulagi kapena mafuta. Njira yachidule ndi iyi: masulani paipi yaikulu yolowetsa mpweya, poperani pang'ono mankhwala olizira injini kapena otsukira kabureta, bwezerani paipiyo, n'kuliza. Injini ikagwira kwa masekondi awiri kapena atatu n'kuzima, ndiye kuti moto ulipo, chomwe chikusowa ndi mafuta. Ikapanda kuyesa n'komwe, musathamangire kuthanki. Poperani pang'ono chabe, nkhope kutali, ndipo musaliritse sitata kupitirira masekondi 10 kapena 15 nthawi imodzi chifukwa imatentha.

Pali chinthu chimodzi chomwe chimanamiza anthu ambiri. Kompyuta siyilola pampu kupitiriza kugwira ntchito ngati siyikulandira uthenga wakuti injini ikuzungulira, ndipo uthengawo umachokera ku sensa ya crankshaft. Anachita dala zimenezi pofuna kuti pangozi pampu isamangopopa petulo injini itazima. Sensa imeneyi ikayamba kutha, imakonda kufa ikatentha n'kudzuka ikazizira. Ikafa, mafuta amadulidwa, moto wa kumapulagi nawonso umasowa. Munthu womasula paipi n'kuona kuti mafuta sakubwera poliza amagamula kuti pampu yafa, pomwe pampu yangouzidwa kuti ikhale chete. Pa galimoto zambiri muvi wa marevu umagwedezeka pang'ono poliza. Ukangoti zii, kayikirani sensayo. Onaninso kanyali ka kiyi padashibodi. Kakamathwanima mosalekeza poliza, ndi chitetezo cha akuba chomwe sichinamuzindikire kiyi wanu, ndipo chimadula mafuta mwadala. Yesani kiyi wa sipeya musanamasule bawuti ngakhale imodzi.

Mvetserani pampu

Zimitsani wailesi ndi fani, potokolani kiyi mpaka nyali zapadashibodi ziyake koma osaliza. Kumbuyo, chakumpando kapena pansi pa galimoto, mumveka kulira kwapansipansi kwa masekondi awiri kapena atatu, kenako chete. Imeneyo ndi pampu ikudzaza mapaipi. Ngati simukumva bwino, wina atsegule chitsekerero cha thanki atchere khutu pamenepo inu mukupotokola kiyi.

Phunzirani kulira kumeneku tsiku lomwe galimoto ili bwino, chifukwa galimoto zimasiyana. Zina za ku Ulaya, monga za Volkswagen, zimayatsa pampu mukangotsegula chitseko cha dalaivala, moti pofika pakiyi imakhala itamaliza kale. Ma Toyota ambiri akale sayatsa pampu mpaka sitata itayamba kuzungulira. Mukadziwa khalidwe la galimoto yanu, tsiku lomwe yakana khutu lokha limagawa ntchito pawiri: pampu yakhala chete, kapena pampu ikulira koma injini osagwira.

Pampu ikakhala chete

Apa ndi pomwe mavuto ambiri obwera mwa apo ndi apo amabisala, ndipo ambiri mwa iwo ndi a magetsi.

Fyuzi yopsa siyidzichiritsa yokha, choncho ngati galimoto nthawi zina imalira, fyuziyo siinapse. Komabe izuleni muone miyendo yake. Ikakhala yakuda, yadzimbiri, kapena ikulowa mokhwepa, imatha kugwira lero mawa n'kuleka. Pulasitiki yosungunuka mozungulira fyuzi ndi chizindikiro chakuti pamalopo pamatentha.

Kenako relay, kabokosi kakang'ono komwe kompyuta imagwiritsa ntchito potsegulira pampu magetsi. Ikani chala pamwamba pake wina akupotokola kiyi. Muyenera kumva kugunda. Koma kugunda kokha si umboni wakuti ili bwino, chifukwa timano tamkati tikapsa, relay imagunda koma magetsi osadutsa. M'bokosi la mafyuzi nthawi zambiri mumakhala relay ina yofanana nayo ndendende, monga ya hutala kapena ya nyali. Sinthanitsani ziwirizo galimoto itakana. Ikalira pomwepo, bwezerani yakale muone ngati ikananso. Anthu ambiri amadumpha kubwezeraku, koma n'kofunika kwambiri, chifukwa galimoto ya vuto lotere imatha kulira yokha mwangozi inu n'kuganiza kuti mwakonza.

Pa relay zambiri pamalembedwa manambala: 85 ndi 86 ndi mbali yomwe kompyuta imalamulira, 30 ndi magetsi ochokera kubatire, 87 ndi opita kupampu. Pa zing'onozing'ono zina manambalawa ndi 1 ndi 2, kenako 3 ndi 5. Mukazula relay n'kulumikiza 30 ndi 87 ndi kawaya kokhala ndi fyuzi, pampu iyenera kulira nthawi yomweyo. Ikalira, ndiye kuti pampu ndi mawaya ake ali moyo, vuto lili pa relay kapena ku mbali yolamula. Onetsetsani kuti mwazindikira mabowo oyenera, chifukwa kulumikiza molakwika kungathe kuwononga kompyuta. Ndipo izi n'zoyezera chabe, osati zoyendera: pampu yolumikizidwa chonchi siyizima ngakhale pangozi. Pa ma Toyota akale, m'boneti muli kabokosi koyezera komwe kulumikiza +B ndi FP kumachita ntchito yomweyi kiyi ali pa ON.

Ma Honda a m'zaka za m'ma 1980 ndi 1990 anatchuka ndi relay yaikulu yomwe ili pansi pa dashibodi. Malo owotcherera mkati mwake amang'aluka ndi ukalamba, ndipo galimoto ikakhala padzuwa mawindo otseka, mng'aluwo umatseguka n'kudula magetsi a pampu. Mukatsegula zitseko kuti mkati muzizire, imalira. Kuwotchereranso malowo kumathetsa nkhani yonse.

Galimoto zina, makamaka ma Ford ndi ma Fiat ambiri, zili ndi switchi yodula mafuta pakachitika kugunda kwamphamvu. Dzenje lalikulu kapena kumenyetsa buti kumatha kuidzutsa. Imakhala ndi batani lodina kuti ibwerere. Buku la galimoto limanena pomwe ili.

Zonsezi zikakhala bwino, pitani kupampu kwenikweniko. Pa galimoto zambiri zing'onozing'ono mumaifikira pochotsa mpando wakumbuyo ndi kachivindikiro kachitsulo. Zulani pulagi ya mawaya muyang'ane mkati. Mano akuda, obiriwira kapena pulasitiki yopserera ndi vuto lomwe limapezeka kawirikawiri. Tsatirani waya wa earth, wobweza magetsi kudzera m'thupi la galimoto, mpaka pomwe wamangidwa kuchitsulo cha galimoto, mumasule, mupale dzimbiri, mumangenso.

Poyeza magetsi pamalo amenewa pali msampha. Mita yoyezera magetsi ikhoza kuonetsa mavoti 12 pa pulagi yozulidwa ngakhale waya atatsala ndi kaulusi kamodzi, chifukwa mitayo siyikoka mphamvu. Pampu imakoka ma ampu pakati pa 4 ndi 8 pa galimoto wamba, ndipo waya wodwala amagonja ikangoyamba kukoka. Choncho yezani pampu ili yolumikizidwa, polowetsa nsonga za mita kumbuyo kwa pulagi. Kapena m'malo mwa pampu lumikizani babu la nyali yakutsogolo la mawati 55, lomwe limakoka mphamvu yofanana ndi ya pampu. Likawala mofooka, mawaya ndiwo akudwala. Kusiyana kwa mavoti pakati pa batire ndi pampu kusapitirire kwambiri theka la voti. Kumbukirani chabe kuti galimoto zina zatsopano zili ndi kabokosi komwe kamachepetsa dala magetsi a pampu injini ikamalira pang'onopang'ono, ndiye pa zoterozo yezani panthawi yoliza.

Magetsi akamafika okwanira, earth ili bwino, koma pampu chete, pamenepo ndiye pampu yadziulula. Mkati mwake muli kamota kokhala ndi mabulashi. Akatha, kamotako kamakhala ndi malo akufa: kakaima pamalo abwino galimoto imalira, kakaima pamalo akufawo siidzuka. Ndi chifukwa chake vutoli limaoneka ngati lopanda dongosolo. Wina azigogoda pansi pa thanki ndi chikhatho kapena hamala ya labala inu mukuliza. Ikalira, umboni ndi wamphamvu, ngakhale ndimakonda kuonanso pulagi ija poyamba, poti kugogoda kumagwedezanso mawaya okhwepa. Njira imeneyi ikufikitsani kunyumba kangapo, koma tsiku lina idzaleka kugwira.

Kutchera msampha

Nanga ngati vuto limabwera kamodzi pa sabata ziwiri, ndipo nthawi zonse muli nokha? Lumikizani kababu kakang'ono ka mavoti 12 ku mawaya awiri a pampu, pafupi ndi pulagi, n'kukabweretsa pomwe mungakaone muli pampando. Mawayawo muwakulunge bwino ndi tepi kuti asakhudze chitsulo. Tsiku lomwe galimoto yakana, yang'anani kababuko poliza. Kakayaka bwino pampu ili chete, sinthani pampu. Kakapanda kuyaka, pampu ilibe mlandu. Bwererani ku relay, mawaya, sensa ndi chitetezo cha kiyi. Kwa ine kababu kameneka kamaposa makina ambiri odula pa vuto la mtundu uwu, chifukwa kamakhalapo panthawi yomwe makaniko kulibe.

Muthanso kulisaka vutolo galimoto ikulira. Gwedezani mawaya mmodzimmodzi, dinani relay, gogodani bokosi la mafyuzi ndi chigwiriro cha sikuludalaivala. Injini ikatsamwa kapena kuzima pomwe mwagwirapo, mwapeza malo.

Pampu ikulira koma injini osagwira

Kulira kwa pampu sikutanthauza kuti mafuta akufika ndi mphamvu yoyenera. Apa pakufunika geji ya presha. Galimoto zambiri za ma injector wamba, tizipangizo tofayira petulo m'injini, zimafuna pakati pa 3 ndi 4 bar, kapena kuti 40 mpaka 60 psi, ndipo nambala yeniyeni ya galimoto yanu ili m'buku lake. Za kabureta zimafuna yochepa kwambiri, yosafika theka la bar. Kumasula paipi n'kuona petulo akutuluka si muyeso, chifukwa pampu yotopa imatulutsa mafuta paipi ikakhala yotsegula koma n'kulephera kukankha ikatsekedwa.

Musanamasule paipi iliyonse, chotsani presha: zulani fyuzi ya pampu, lizani injini mpaka izime yokha, n'kukulunga polumikizira ndi kansalu. Gwirani ntchito pamalo opita mphepo, injini itazizira, popanda fodya kapena moto pafupi. Galimoto zomwe zimathira petulo mwachindunji m'silinda zili ndi pampu yachiwiri painjini yomwe imafikitsa presha kupitirira 100 bar. Mapaipi achitsulo a mbali imeneyo musawamasule injini ikulira kapena itangozima.

Presha ikakhala yotsika, yambani ndi sefa ya mafuta, ngati galimoto yanu ili nayo yapanja. Palinso kasefa kansalu kumunsi kwa pampu m'thanki. Thanki ikakhala ndi dzimbiri kapena zinyalala, pampu imazikokera pakasefako pang'onopang'ono mpaka kutseka. Galimoto imafooka n'kuzima, ndipo ikakhala kanthawi zinyalalazo zimagwa n'kulola mafuta kudutsanso. Kuika pampu yatsopano m'thanki yosatsuka n'kuipha msanga. Mukatulutsa pampu, onaninso kapaipi kakafupi komwe kamailumikiza ndi chivindikiro. Kakang'ambika, pampu imalira bwino koma mafuta amangobwerera m'thanki momwemo.

Tsopano zimitsani galimoto geji ikadali pomwepo. Muvi uyenera kukhala pafupi ndi pomwe unali kwa mphindi 5 kapena 10. Ukagwa msanga, mafuta akuthawira kwina, ndipo malo ake ndi atatu: valavu yoletsa kubwerera yomwe ili m'pampu, regulator yomwe imasunga presha pamlingo woyenera, kapena injector yodontha. Valavu ya m'pampu ikatha, mapaipi amakhala opanda kanthu galimoto ikagona, ndiye imachedwa kulira. Chizindikiro chake n'chosavuta: potokolani kiyi ku ON, dikirani masekondi atatu, zimitsani, bwerezani katatu, kenako lizani. Ikalira msanga mukatero, presha ikuthawa. Injini ikakhala yotentha vuto limakula, chifukwa petulo wopanda presha amawira m'paipi n'kusanduka nthunzi. Ndiko kukana kuja kwa galimoto yomwe mwaimika mphindi 20 zokha.

Injector yodontha imabweretsa zosiyana ndi izi: mafuta achuluka, osati kusowa. Mumamva fungo la petulo, mapulagi amanyowa, ndipo ikalira imatulutsa utsi wakuda. Pa galimoto zambiri, kuponda akiseleta mpaka pansi poliza kumauza kompyuta kuti idule mafuta. Ikalira mukatero, ndiye kuti inamwa mafuta ochuluka. Regulator yokhala ndi kapaipi ka mpweya njosavuta kuiyeza: zulani kapaipiko, mukapezamo petulo ndiye kuti labala wamkati wabowoka.

Zitatu zing'onozing'ono zomwe zimaiwalika. Thanki imafunika kupuma. Njira yake ya mpweya ikatsekeka, pampu imalimbana ndi kukoka, galimoto imazima mutayenda mtunda, ndipo mukatsegula chitsekerero mpweya umalowa mwamphamvu, kenako n'kulira. Kamphepo pang'ono potsegula n'kachibadwa, musadabwe nako. Chachiwiri ndi madzi, omwe amalemera kuposa petulo n'kukhala pansi pomwe pampu imakokera. Thirani mafuta pang'ono m'botolo lagalasi, mudikire, madziwo adzapatuka pansi. Chachitatu ndi geji ya padashibodi yonama. Galimoto ikamakana makamaka mafuta akatsika pansi pa kota, kapena mukaimika pamtsetse, thirani malita 10 muone. Kuyenda ndi thanki yotsala pang'ono kuuma nthawi zonse kumafupikitsanso moyo wa pampu, poti petulo yemweyo ndiye amaiziziritsa.

Za dizilo

Pa dizilo mdani wamkulu ndi mpweya wolowa m'mapaipi. Mbali yokoka mafuta ikakhala ndi kamng'alu, siyidontha kunja koma imayamwa mpweya, ndipo usiku mafuta amabwerera kuthanki. Galimoto imavuta m'mawa, kapena imalira n'kuzima pakapita masekondi ochepa, koma tsiku lonse imayenda bwino. Popani kapampu kapamanja ka pasefa mpaka kalimbe, n'kuliza. Ikalira msanga, sakani pomwe mpweya ukulowera: labala wa sefa, kapampu komweko, kapena timapaipi tobweza mafuta kuchokera kumanozo, omwe ndi ma injector a dizilo. Kuika kapaipi koonekera mkati pakati pa sefa ndi pampu kumaonetsa thovu. Pa injini zakale palinso solenoid, valavu yamagetsi yozimitsira injini, yomwe ili pa pampu yaikulu. Waya wake akakhwepa, mafuta satseguka. Za common rail, zomwe manozo onse amalandira mafuta kuchokera m'paipi imodzi ya presha yaikulu, sizitsegula manozo mpaka presha ifike pa 200 kapena 300 bar poliza, ndipo nozo imodzi yobweza mafuta ochuluka imakwanira kulepheretsa zimenezo, makamaka injini ikatentha. Mankhwala opopera aja musawagwiritse ntchito pa dizilo yokhala ndi ma heater plug (timapulagi totenthetsa m'injini isanalire), angathe kuphulika nthawi isanakwane n'kuwononga injini.

Makina owerengera makodi

Galimoto zogulitsidwa ku America kuyambira 1996, ndi za petulo za ku Ulaya kuyambira 2001, zili ndi pulagi ya OBD pansi pa dashibodi, polumikizira makina owerengera makodi, manambala omwe kompyuta imasunga ikaona vuto. Werengani makodi musanachotse batire, chifukwa pa galimoto zina kuchotsako kumawafufuta. P0335 imaloza ku sensa ya crankshaft, P0230 ku magetsi a pampu, P0087 ku presha yotsika, P0171 ku mafuta ochepa poyerekeza ndi mpweya. Makodi amakuuzani dera lomwe muli vuto, osati chitsulo choti mugule, ndipo pa galimoto zambiri zakale pampu imatha kuferatu popanda kodi iliyonse. Chothandiza kwambiri pa makinawa ndi kuona marevu poliza: akaonetsa 0 injini ikuzungulira, siyani za thanki. Ngati galimoto yanu ndi ya chakumapeto kwa zaka za m'ma 2010, fufuzaninso ndi nambala ya chassis ngati ili m'gulu la zomwe zinaitanidwa kuyambira 2020 chifukwa cha mapampu a Denso omwe kagudumu kake kamkati kokankha mafuta kankatupa n'kukakamira. Zinakhudza ma Toyota, Honda ndi makampani ena.

Pomwe mukudikira kuti vuto libwerenso, sungani m'galimoto relay ya sipeya, mafyuzi, tesita ndi kapepala. Nthawi iliyonse yomwe yakana lembani ngati injini inali yotentha kapena yozizira, yaima nthawi yaitali bwanji, mafuta anali pati, kunagwa mvula kapena ayi, pampu inamveka kapena ayi, ndi chomwe munachita kuti ilire. Ndipo posintha zinthu, sinthani chimodzi, muyende nayo masiku angapo, musanagwire china.